Ndemanga: ulendo wa gulu wochokera ku Nsanje kukaona gombe la Macuti ku Beira

Ulendowu umakonzedwa ndi anthu otenga magulu a m'Chigwa cha Shire, makamaka a ku Nsanje ndi Bangula, kupita nawo kunyanja yamchere ku Beira. Mwa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 3. Mbiri amaifotokoza bwino kwambiri, koma nthawi yopita kugombe saidziwa kuisankha, ndipo apa ndi pamene ndalama zanu zingalowe m'madzi.

Njira ndi ya pa Marka, kulowa Mozambique pa Vila Nova da Fronteira, kenako Mutarara. Tengani pasipoti, chifukwa chikalata chongodutsira malire sichikufikitsani ku Beira. Ndalama musinthiretu kukhala metical, kwacha kumeneko sagula nayo ngakhale madzi akumwa. Mlatho wa Dona Ana, umene unatsegulidwa mu 1935 ndipo ndi wautali makilomita oposa 3 ndi theka, ndi wa sitima, choncho gulu limawoloka Zambezi pa kanjira ka m'mbali n'kukakwera galimoto ina ku Sena. Okonza ulendo sanena izi poyamba. Amene wanyamula sutikesi yolemera amalira nayo pamlathopo. Chikwama chobereka kumsana n'chokwanira.

Macuti ndi dera la kum'mawa kwa mzinda, ndipo chizindikiro chake ndi nsanja ya nyali younikira zombo, ya mizere yofiira ndi yoyera, yomangidwa mu 1904. Pafupi pake pagona chombo chakale chodyeka ndi dzimbiri. Zitsulo zake n'zakuthwa, zina zakwiririka mumchenga, ndiye ana asapite pamenepo opanda nsapato.

Tsopano nkhani ya madzi. Nyanja iyi imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ku Beira kusiyana kwake n'kwakukulu, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene kumafika mamita 6. Madzi akaphwa amathawira kutali, kumatsala mchenga wonyowa ndi matope, posambira palibe. Akamabwerera amabwera msanga moti mumangozindikira malo amene munasiya zovala amira. Okonza ulendowa amaika gombe masana atatha kudya, kaya madzi alipo kaya palibe, chifukwa amatsatira nthawi ya woyendetsa basi. Musanalipire afunseni kuti tsiku limenelo madzi adzadzaza nthawi yanji. Kusamba kumakoma madzi atatsala pang'ono kudzaza, pamene kuyenda wapansi m'mphepete kumakoma ataphwa, mchenga uli wolimba. Okonzawo akalephera kuyankha, funsani asodzi a pagombepo. Ambiri amalankhula Chisena, ndiye wa ku Nsanje savutika ngakhale Chipwitikizi asachidziwe.

Musayembekezere madzi obiriwira a pa zithunzi. Ndi ofiirira ngati a Shire nthawi ya dzinja, chifukwa mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira matope ake pomwepo.

Pa mbiri ndiye ndawavulira chipewa. Amakutengerani ku Grande Hotel ku Ponta Gêa, hotelo yaikulu imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950 n'kutsekedwa mu 1963, ndipo lero mukukhala mabanja ambirimbiri. Wotsogolera amachenjeza bwino kuti awa ndi makomo a anthu, osangotulutsa foni n'kuyamba kujambula. Amaonetsanso tchalitchi chachikulu cha Katolika chimene chinamangidwa ndi miyala ina yochokera ku linga lakale la Sofala, komanso siteshoni ya sitima, poyambira njanji imene inkafika kwathu kuno Nsanje akadatchedwa Port Herald. Za namondwe Idai wa mu Marichi 2019 safunika kutalikitsa, madzi ake tinawaona tokha ku Nsanje ndi Chikwawa, koma kumva mmene mphepo inasasulira madenga mumzinda wonse kumakupatsa chithunzi china.

Malo ogona anali aukhondo koma maneti ena anali obooka, ndipo udzudzu wa ku Beira suchepa kwa wa ku Chiromo. Nyamulani neti yanu. Mukamayenda nokha mumzinda, mtengo wa txopela, kanjinga kamoto ka mateyala atatu konyamula anthu, mugwirizane musanakwere. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Seputembala. Akakuuzani kuti atsitsa mtengo mu Januwale kapena Febuluwale, kanani, imeneyo ndi nyengo ya anamondwe ndipo msewu wa ku Mutarara umaduka.