Fudge wa chokoleti pa Khirisimasi: wamufiliji, wowiritsa kapena wa kondensi, ndi uti angapirire kutentha kwa kuno kuchigwa?

Amene mukufuna kupanga fudge wa chokoleti (switi yofewa yodula timagawo) chaka chino, musanawononge ndalama yambani mwaganizira nyengo yathu, chifukwa zambiri zomwe timaonera pa YouTube amapanga ndi anthu oti December kwawo kukuzizira mpaka madzi kuundana. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje December ndi thukuta lokhalokha, mvula ikangogwa kenako dzuwa nkuwomba mpweya umachita kunyowa, nde shuga amayamwa chinyontho chimenecho. Njira zake zilipo zitatu ndipo sizipirira mofanana.

Yosavuta kwambiri ndi yamufiliji ija. Chitini chimodzi cha mkaka wa kondensi, chokoleti pafupifupi 400g, mwasungunulira pamodzi pamoto wochepa, mwathira mu thireyi, mufiliji maola awiri atatu, basi. Ngakhale mwana wa sitandade 6 apanga. Kukoma amakoma zoona, wofewa bwino, koma dziwani kuti chomwe chikumugwira kuti alimbe ndi mafuta a mu chokoleti, ndipo mafuta amenewo amasungunuka pa 34°C kapena cha pamenepo, ndiye tangoganizani masana ku Ngabu kapena ku Bangula. Mukamutulutsa kuti alendo adye akuyamba kale kumata zala, magetsi akazima usiku mmawa mupeza phala. Komanso 400g ya chokoleti si ndalama yamasewera, mwinanso mpaka mutumize munthu ku Blantyre, ndipo akatsika nayo pa Thabwa mu minibasi ifika itasungunuka kale kkkk. Ngati muli ndi filiji yodalirika ndipo fudge akadyedwa pakhomo pomwepo, pangani. Wopatsira anthu kapena wopita naye kumudzi, iwalani.

Wowiritsa uja ndiye wakalekale, safuna chokoleti koma koko waufa. Makapu 3 a shuga, koko kupitirira pang'ono theka la kapu, mkaka kapu imodzi ndi theka (waufa wosungunula umagwira bwinobwino), kamchere pang'ono, ndi majarini masupuni akulu 4 wothira kumapeto. Pamtengo ameneyu ndiye wotchipa, shuga tili naye pompano pa Nchalo. Ndipo chonde Milo si koko, muli kale shuga ndi mkaka, fudge wake amatuluka wotuwa komanso wotsekemera mopyola.

Uyu amalimba chifukwa cha shuga yemweyo, madzi akaphwera mpaka kufika 112 mpaka 115°C, nchifukwa chake kutentha kwa panja sikumusungunula. Koma ndi wamakani. Mumatakasa poyamba pokha mpaka shuga yense asungunuke, akangoyamba kubwata mthiko uchoke, mukapitiriza kutakasa timibulu ta shuga timapangika msanga ndipo fudge amachita lakalaka mkamwa. Thermometer ambiri tilibe, nde mumadonthetsera pang'ono m'kapu ya madzi ozizira, akapanga kampira kofewa koti mukakatola ndi zala kakuphwatalala, wapsa. Apa pali kachinsinsi, madzi apampopi kapena a m'chigubu kuno amakhala ofunda ndipo amakunamizani kuti sanapse, tungani a mumtsuko. Tsiku loti kwachita mitambo kapena mvula yagwa, muwiritseni mopitirirako pang'ono kuti kampira kaja kalimbeko.

Mukaphula, majarini pamwamba, osakhudza mpaka azizire kufika cha pa 43°C, poti mukagwira pansi pa poto ndi chikhatho simukupsa. Anzathu a ku Dedza izi sizivuta, koma kuno mnyumba momwe muli kale 38°C, mudikira mpaka mutatopa, ndiye khazikani poto mu beseni la madzi osamugwedeza. Kenako ndi ntchito ya mkono, kuvundula ngati nsima ya pamaliro mpaka kunyezimira kuja kuthe ayambe kulemera, pamenepo thirani msanga mu thireyi yopaka majarini chifukwa mukachedwa mphindi imodzi yokha aumira mupoto. Akakana kulimba musataye, bwezerani pamoto ndi mkaka pang'ono muwiritsenso.

Ine amene ndingamuuze munthu woyamba kumene kuti apange ndi wachitatu, wa kondensi koma wowiritsa. Chitini chimodzi cha kondensi, shuga 450g (wabulauni amakoma kwambiri), majarini pafupifupi 115g, mkaka theka la kapu kuposerako pang'ono, koko masupuni 4 kapena 5 wosefa. Amafunanso kampira kofewa kaja, mphindi 10 mpaka 15 akubwata, koma kusiyana kwake uyu mumatakasa osalekeza mpaka aphulidwe, popeza kondensi sachedwa kupserera pansi. Mkakawo anauphwetsa kale madzi kufakitale nde sachedwa kufika, ndipo sachita lakalaka wamba ngati winayo, mukaphula mungodikira mphindi zochepa nkuyamba kuvundula. Amadula kuposa wa koko ndi mkaka wamba chifukwa cha chitinicho, koma simutaya shuga makapu atatu pophunzira. Amatsekemera kwambiri, mumve kukoma kwa mkaka wopsa pang'ono kuposa chokoleti, nde amene mumakonda kawawa ka koko mwina muona ngati wachepa mphamvu, onjezani koko ndi kamchere.

Pambaula, awiri owiritsawa onse amafuna moto wofatsa, makala akayaka bwino chotsani ena kapena wazani phulusa pamwamba. Poto akhale wamkulu, wokhuthala pansi, chifukwa akamabwata amakwera, timapoto topyapyala tija timapsereza pakati mmbali musanatenthe. Ana atalikire, shuga wowira akadonthera pakhungu amamatirira ndipo amawotcha kuposa madzi owira. Mthiko ugulidwe watsopano abale, wotakasira mlamba ngakhale muutsuke bwanji fungo limatsala ndipo majarini amalikoka. Phikani m'mamawa kusanatenthe.

Zothiramo, mtedza wokazinga wosinja pang'ono umayenda ndi onse atatu, koma yesaninso chitowe chokazinga poti kuno timalima tokha, mu wa kondensi uja chimachepetsako kutsekemera. Thirani pomwe mukumaliza kuvundula.

Kasungidwe ndiye pomwe wowiritsa amapambaniratu. Mukadula timagawo, dikirani aziziretu, ikani mu kontena yotseka bwino ndi pepala pakati kuti asamatane, malo amthunzi, akhala masiku angapo opanda filiji, mukapanga pa 23 afika pa Nyuwere ngati ana sanamupeze. Mukamusiya poyera amayamba kutuluka timadzi pamwamba chifukwa cha chinyontho chija. Ndipo kontenayo muikhazike m'mbale ya madzi, nyerere za kuno sizifuna kuitanidwa.