Bosanquet, Wicki-Hayden kapena Harmonic Table: tisanje bwanji mawu pa Lumatone?

Lumatone ndi kiyibodi yamagetsi yoimbira nyimbo. Ili ndi makiyi 280 owala mitundumitundu, oyalana ngati chisa cha njuchi, ndipo palibe kiyi imene inabadwa ndi liwu lake. Mumaiuza nokha choti ilire. Lamulo la masanjidwe atatu onsewa n'limodzi: chala chikasunthira mbali inayake, liwu likwere mlingo womwewo paliponse pa kiyibodi. Choncho kusanja konse kwagona pa manambala awiri, masitepe a kumanja ndi masitepe a chapendeketa. Ine ndimayesa masanjidwe onse ndi 31-EDO, momwe octave (mtunda wochoka pa do kufika pa do wotsatira) imagawidwa masitepe 31 ofanana m'malo mwa 12 a piyano wamba, lililonse pafupifupi masenti 38.7 (sitepe ya piyano ndi masenti 100).

Pa masanjidwe atatuwa, wa Bosanquet ndiye wakale pa onse. R. H. M. Bosanquet anaupanga m'zaka za m'ma 1870 pa harmonium (limba lopopa mpweya) ya masitepe 53 pa octave, ndipo pambuyo pake Erv Wilson anaukulitsa. Mu 31, kumanja mumakwera masitepe 5, chapendeketa masitepe 3. Amene munazolowera kiyibodi ya kutchalitchi simusochera, chifukwa do re mi imayendabe chopingasa, ndipo chilichonse mwa zigawo zisanu za Lumatone chimanyamula octave imodzi. Chokoma china n'chakuti C# ndi Db, zomwe pa piyano zimalimbirana kiyi imodzi yakuda, pano iliyonse ili ndi pake, ndipo diso limaona kusiyana kwake khutu lisanamve. Vuto lake ndi manja. Chord (mawu angapo olira pamodzi) yotambalala imafunabe kutambasula zala.

Wicki-Hayden unachokera ku zida zonga akodiyoni, bandoneon ndi concertina: Kaspar Wicki anaulembetsa mu 1896, Brian Hayden n'kudzaupezanso payekha, n'kuulembetsa m'zaka za m'ma 1980. Kumanja ndi masitepe 5 omwe aja, koma chapendeketa ndi fifth (kuchoka pa do kufika pa so), masitepe 18. Octave ili mizere iwiri yokha pamwamba, mawu onse a sikelo imodzi (do mpaka ti) aunjikana pamodzi, moti nyimbo ya kwaya imakwana m'dzanja limodzi. Koma yesani kufuna sitepe imodzi yokha, kuchoka pa C# kupita pa Db. Muyenda ulendo wa ma fifth 12. Ngati munagulira Lumatone timawu tating'onoting'ono timeneti, kusanja uku kukubisirani chomwe munalipirira.

Tsono Harmonic Table, imene inatchuka ndi kiyibodi ya AXiS ya C-Thru Music. Iyi imanyengerera. Major third (do kufika pa mi), minor third (mi kufika pa so) ndi fifth zazungulira kiyi iliyonse, ndiye chord ndi makiyi atatu ogundana, mukhoza kuwadinda ndi chala chimodzi. Mu 12-EDO ndi mu 19-EDO zimayenda bwino. Mu 31 werengani nokha: major third ndi masitepe 10, minor third ndi 8. Onsewa amagawika ndi 2, choncho kaya muphatikize kaya muchotsere, simudzafika pa 31. Octave ya liwu lomwe mwayambira kulibe pa kiyibodi yonse, ndipo theka la mawu lasowa. Kuti zitheke muyenera kuphwanya lamulo lija penapake, basi ubwino wonse woti zala zisasinthe kaimidwe wayamba kuphotchoka.

Msampha womwewu umagwira onse atatu mu 24-EDO, imene ambiri amalembera nyimbo za Chiarabu. Manambala ake ndi 4, 2, 14, 8 ndi 6, onse ogawika ndi 2, ndiye mumangopeza piyano wamba yovala magetsi amitundumitundu. Pamenepo mbali imodzi ipatseni nambala ngati 3 kapena 7. Musanayambe kupaka makiyi mitundu, onani kaye ngati manambala anu awiri ali ndi chowagawa chimodzi.

Nanga 22-EDO? Bosanquet amapereka mawu onse, poti manambala ndi 4 ndi 1, koma third yokoma ya masitepe 7 ili ma fifth 9 kutali, osati 4 monga munazolowera. Zala ziyenera kuphunzira chord mwatsopano.

Kwa ine, 19, 31 ndi 53 ndimaziika pa Bosanquet osaganiza kawiri. Wicki-Hayden ndimamusungira nyimbo zosachoka m'sikelo imodzi koma zofuna mawu otsika kwambiri ndi okwera kwambiri. Harmonic Table ndimaitsegula pofufuza ma chord mu 19, ndikatha n'kuitseka.