Ndalama za sukulu zikachepa: kudula paliponse mofanana, kapena kusankha podula?

Ku America sukulu za boma zili m'manja mwa madera. Dera lililonse la sukulu, lomwe kumeneko amati school district, lili ndi bodi yakeyake, ndipo madera otere alipo oposa 13,000. Ndalama zake zimachokera kutatu: msonkho wa nyumba ndi malo wa anthu a m'deralo, thandizo la boma la chigawo (state), ndi gawo laling'ono lochokera ku boma lalikulu ku Washington, lomwe pa zaka zopanda mavuto limakhala 8 mpaka 10 peresenti basi. Chuma chikagwa, thandizo la chigawo ndilo limayamba kuphwa, chifukwa limadalira msonkho wa malipiro ndi wa zogula. Bodi ilibe ufulu wongotseka chaka ndi ngongole monga limachitira boma lalikulu. Pofika 1 Julayi, pomwe chaka cha chuma chimayamba m'madera ambiri, zolowa ndi zotuluka ziyenera kufanana.

Anzanga amene mumakhala nawo pa misonkhano ya bodi, kaya ngati makolo kaya ngati mamembala, sungani nambala imodzi iyi: pafupifupi 80 peresenti ya ndalama zoyendetsera sukulu imapita ku malipiro, penshoni ndi inshuwalansi ya antchito. Wina akaimirira n'kunena kuti tichepetse mapepala ndi maulendo a akuluakulu, akunena zoona, ndipo zichepetsedwedi, koma dzenje la mamiliyoni silikwiririka ndi mapepala. Njira iliyonse yeniyeni imakhudza munthu.

Njira yomwe mabodi amathamangira ndi yodula paliponse mofanana. Dipatimenti iliyonse, sukulu iliyonse, ichotse 5 peresenti. Kukoma kwake n'koti palibe amene angaloze chala membala wa bodi kuti anadana ndi gulu loimba kapena timu ya mpira. Onse alira mofanana, ndiye zikuoneka zachilungamo. Imathanso msanga: msonkhano umodzi, nkhani yatha.

Ine njira imeneyi sindiikhulupirira, ndipo ndifotokoze chifukwa chake. Poyamba, pali ndalama zomwe simungazikhudze ngakhale mutafuna. Ngongole ya nyumba zomwe dera linamanga iyenera kubwezedwa. Zopereka ku penshoni zinakhazikitsidwa ndi lamulo la chigawo. Lamulo la IDEA, loteteza ana olumala ndi ena ofunika chithandizo chapadera, sililola dera kungotsitsa ndalama zawo popanda zifukwa zochepa zomwe lamulolo limatchula. Magetsi ndi mafuta a mabasi sizimva kuti bodi yavota. Mukachotsa zonsezi, 5 peresenti ija imagwera pa zotsalazo, ndipo pamenepo imasanduka 8 kapena 10. Zotsalazo ndi aphunzitsi, alangizi a ana, oyang'anira laibulale.

Chachiwiri ndicho chimandiwawa kwambiri. M'madera ambiri, mgwirizano wa antchito kapena lamulo limati wochotsedwa woyamba akhale amene analembedwa ntchito pomalizira. Tiyerekeze kuti mphunzitsi watsopano amalandira theka la malipiro a mnzake wa zaka 25. Kuti mupulumutse ndalama yomweyo, muchotsa achinyamata awiri m'malo mwa mmodzi. Ndipo aphunzitsi atsopanowo sakhala omwazika mofanana: amachulukira m'sukulu za mabanja osauka, komwe anthu sakhalitsa pa ntchito. Zikatero, sukulu ina imataya mphunzitsi mmodzi, ina n'kutaya theka la aphunzitsi ake, pa chiganizo chimodzimodzi chomwe pa pepala chinali chofanana. Ku Los Angeles mu 2010 nkhani imeneyi inafika kukhoti, ana a sukulu zitatu atasumira boma chifukwa sukulu zawo zinakhuthulidwa aphunzitsi kuposa zina zambiri.

Njira yopikisana nayo ndi yosankha podula. Mumayala zonse zomwe dera limachita, chilichonse ndi mtengo wake pa mwana mmodzi, n'kufunsa kuti kodi chikupindulitsa ana angati ndipo umboni wake uli pati. Ena amafuna kupita nayo patali, kuti chaka chilichonse bajeti iziyambira pa ziro. Ganizo limeneli linatchuka ndi Peter Pyhrr wa ku kampani ya Texas Instruments, ndipo Jimmy Carter analigwiritsa ntchito ali bwanamkubwa wa Georgia, kenako n'kupita nalo ku boma lalikulu mu 1977. Silinakhalitse kumeneko, chifukwa linkadya nthawi ndi mapepala ambiri. Dera laling'ono lokhala ndi akauntanti awiri silingakwanitse kuyambira pa ziro chaka ndi chaka, ndipo palibenso chifukwa. Kungoyala mapulogalamu akuluakulu makumi awiri kapena atatu n'kokwanira kuti muone omwe akungopitirira chifukwa anayamba kalekale.

Ubwino wa njirayi ndi woti mumatha kutsatira zomwe zinayesedwa. Ku Tennessee, kuyambira 1985 mpaka 1989, kafukufuku wa STAR anagawa ana a kindergarten (kalasi yoyambira ya ana a zaka zisanu) mpaka giredi 3 m'makalasi aang'ono a ana 13 mpaka 17 ndi aakulu a ana 22 mpaka 25. A m'makalasi aang'ono anakhoza bwino, makamaka ana akuda ndi ochokera m'mabanja osauka. Choncho ngati palibe kuchitira mwina koma kukulitsa makalasi, ndi bwino kuwonjezera ana awiri m'kalasi ya sekondale kusiyana ndi kupanikiza mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene akuphunzira kumene kuwerenga. Kudula kofanana sikudziwa kusiyana kumeneku.

Koma ndisabise kuipa kwake. Mukasankha, mumapanga adani a mayina ndi nkhope. Holo imadzaza, anthu amalankhula mpaka pakati pa usiku, ndipo amene amabwera ndi omwe ali ndi nthawi, galimoto ndi Chingelezi chosadodoma. Mayi wogwira ntchito ya usiku m'nyumba yosamalira okalamba sabwera kudzateteza mphunzitsi amene amathandiza mwana wake kuphunzira chilankhulo. Bodi yofooka imagonjera phokoso, n'kudula kwa anthu achete, ndipo zikatero kusankha kumaipa kuposa kudula kofanana komwe ndadzudzula kuja. Mankhwala ake ndi kugwirizana pa mfundo zotsogolera musanatchule pulogalamu iliyonse, n'kuzilemba poyera, kuti usiku wa phokosowo mukhale ndi pogwira.

Tsopano za thumba losungira mavuto. Bungwe la Government Finance Officers Association limalangiza maboma kusunga ndalama zosachepera zoyendetsera ntchito miyezi iwiri. Pamakhala magulu awiri: ofuna kulikhuthula lero kuti pasachotsedwe munthu, ndi osafuna kulikhudza n'komwe. Onsewa ndimawatsutsa. Thumbali linasungidwira nyengo ngati yomweyi, ndiye kulisiya lodzaza uku mukuthamangitsa aphunzitsi n'kulakwa. Koma ndalama yobwera kamodzi singalipire malipiro obwera mwezi ndi mwezi mpaka kalekale. Ntchito yake ndi kugula nthawi, kuti anthu opuma pa ntchito ndi osamuka achepetse chiwerengero pang'onopang'ono m'zaka ziwiri kapena zitatu, m'malo mochotsa anthu tsiku limodzi.

Phunziro limeneli America yalilandira kawiri. Mu Febuluwale 2009 Barack Obama anasaina lamulo lotsitsimutsa chuma, lomwe linapatsa maphunziro madola pafupifupi 100 biliyoni, ndipo mu 2010 anawonjezera 10 biliyoni zopulumutsira ntchito za aphunzitsi. Ndalamazo zitatha, zigawo zinali zisanachire, ndipo pofika 2012 sukulu zinali zitataya ntchito pafupifupi 300,000. Kirabo Jackson wa ku Northwestern University ndi anzake anadzapeza kuti komwe anadula kwambiri pa nthawiyo, ana anatsika pa mayeso ndipo opita ku koleji anachepa. Kachiwiri ndi nthawi ya Covid-19: thandizo la boma lalikulu ku sukulu lotchedwa ESSER, madola pafupifupi 190 biliyoni, linali ndi malire a Sepitembala 2024. Madera omwe anakonzera nyumba ndi kulipira maphunziro obwereza a kanthawi anatuluka bwino. Omwe analembera antchito okhazikika anabwereranso pa funso lomweli.

Kutsegula sukulu masiku anayi okha pa sabata ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amaganiza kuti kuchotsa tsiku limodzi mwa asanu kupulumutsa 20 peresenti. Ayi ndithu. Aphunzitsi amalandira chimodzimodzi chifukwa masiku anayiwo amatalikitsidwa. Bungwe la Education Commission of the States litawerengera mu 2011, linapeza kuti madera ankapulumutsa pakati pa 0.4 ndi 2.5 peresenti. Mtolo umangosamukira kwa kholo lomwe liyenera kupeza womusiyira mwana Lachisanu, ndi kwa mwana amene chakudya chake chodalirika ndi cha ku sukulu. Madera akumidzi ku Colorado, Missouri ndi Oregon amaikonda pokopa aphunzitsi, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. Koma ngati cholinga ndi ndalama, phindu n'lochepa. Hawaii inayesa mtundu wina mu 2009, kutseka sukulu Lachisanu ka 17 antchito osalipidwa. Pamenepo ndalama zinapulumukadi, koma zinachokera m'masiku ophunzira a ana, ndipo makolo anakwiya mpaka kukagona ku ofesi ya bwanamkubwa.

Kutseka sukulu ndimakuvomera pa chifukwa chimodzi chokha: ana akachepadi, nyumba n'kukhala theka yopanda anthu kwa zaka zambiri. Ngati njira yothamangira ya chaka chimodzi, sikuthandiza. Aphunzitsi amatsatira ana komwe apita, mabasi amatalikirapo, ndipo nyumba yosiyidwayo imafunabe mlonda. Chicago inatseka sukulu pafupifupi 50 mu 2013, zambiri m'madera a anthu akuda, ndipo ofufuza a ku University of Chicago anapeza kuti ana anayamba kutsika chaka chomwe nkhaniyo inalengezedwa, asanasamuke n'komwe.

Kukweza msonkho kumadalira komwe muli. Ku Ohio madera amabwerera kwa ovota kawirikawiri kukapempha. Ku California, lamulo la Proposition 13 la 1978 linamanga msonkho wa nyumba pa 1 peresenti ya mtengo wake, ndipo msonkho wapadera wa sukulu umafuna mavoti awiri mwa atatu alionse. Dera la nyumba zodula limapeza zambiri pokweza pang'ono. Dera losauka limafinya anthu ake n'kupeza zochepa. Yesani ngati lamulo likulola, koma musalembe bajeti ngati kuti mavotiwo mwapambana kale.

Ndikanakhala ndi voti imodzi, ndikanaponyera kusankha podula, thumba losungira likuthandizira kwa zaka ziwiri kapena zitatu, makalasi oyambirira osakhudzidwa, ndiponso malo a anthu opuma pa ntchito osadzazidwa pokhapokha ali a masamu, sayansi kapena a ana ofunika chithandizo chapadera. Denga lodontha ndi makina otenthetsa nyumba ndikanakonzabe, chifukwa kuzengereza pamenepo kumabwera ndi bilu yokulirapo. Ndipo zokambirana zikanayamba Novembala kapena Disembala. Ku California aphunzitsi omwe angachotsedwe ayenera kulandira chenjezo pofika 15 Malichi, bajeti ya chigawo isanadziwike n'komwe, ndiye kholo lodikira msonkhano wa mu Juni limapeza mayina atalembedwa kale.