Soda kapena laimu? Zomwe zaoneka m'thanki ya makorali ku Nchalo kuyambira mu Juni mpaka dzinja

Thanki yomwe tikunena ndi ya madzi amchere, ya malita 300 malinga ndi ogulitsa. Mukachotsera malo omwe miyala ndi mchenga zatenga, n'kuphatikiza madzi a mu sump (thanki yaing'ono yapansi yosefera madzi), madzi enieni ndi pafupifupi malita 250, ndipo masamu onse ali m'munsimu achokera pa nambala imeneyi. Muli makorali olimba (tizamoyo ta m'nyanja tomanga zigoba ngati miyala), Montipora, Stylophora ndi Euphyllia pang'ono. Vuto lake linali alkalinity (mphamvu ya madzi yothana ndi asidi, yoyezedwa mu dKH) yomangokhala pakati pa 5.5 ndi 6 dKH, pomwe madzi a m'nyanja yamchere amakhala pafupifupi pa 7, ndipo osunga makorali ambiri amafuna pakati pa 7 ndi 11. Njira ziwiri zayesedwa motsatizana: laimu wosungunula m'madzi obwezeretsa omwe auma m'thanki, yemwe amatchedwa kalkwasser, kenako soda wodontheza ndi pampu. Kuno kuchigwa soda ndiye wagwira bwino ntchito, ndipo chomwe chagwetsa laimu ndi nyengo yathu.

Korali akamamanga chigoba chake amadya kashiamu ndi alkalinity pamodzi: pa 2.8 dKH iliyonse amatenga kashiamu wa pafupifupi 20 ppm (mamiligalamu pa lita). Choncho alkalinity ikatsika ndi 1 dKH, kashiamu watsika ndi 7 ppm yokha pa 420 yomwe imakhala m'madzi, zomwe choyezera cha madontho sichingaonetse n'komwe. N'chifukwa chake alkalinity ndiyo imayamba kulira, ndipo ndiyo yoyenera kuyezedwa kawirikawiri.

Musanathire kalikonse, tsimikizani kuti nambalayo ndi yoona. Refractometer, choyezera mchere, iwongoledwe ndi madzi oyezera a 35 ppt (magalamu 35 a mchere pa kilogalamu ya madzi), osati madzi wamba. Ngati mchere m'thanki uli 30 ppt pomwe inu mukuganiza kuti ndi 35, chilichonse chikhala chotsika, ndipo mankhwala ake ndi mchere basi. Magnesium akhale pakati pa 1250 ndi 1350 ppm, chifukwa akachepa, kashiamu ndi alkalinity zimagwirana n'kusanduka fumbi loyera, mumathira lero mawa mulibe. Mabotolo a madontho oyezera, kaya a Salifert kapena Red Sea, sakhalitsa m'chipinda chofika madigiri 40. Asungidwe pamalo amdima, ozizirako.

Tsopano za laimu. Lita imodzi ya madzi imasungunula magalamu pafupifupi 1.5 a laimuyu, calcium hydroxide, ndipo madziwo amakhala ndi alkalinity yopitirira 110 dKH ndi pH (muyeso womwe umatsika asidi akachuluka) ya pafupifupi 12.4. Lita imodzi yotereyi imakweza thanki yathu ndi 0.45 dKH. Ubwino wake ngwodziwika: ngwotchipa, amabweretsa kashiamu ndi alkalinity pa mlingo wolingana, amakwezanso pH. Koma amalowa m'thanki kudzera m'madzi obwezeretsa omwe auma, ndiye mlingo wake suulamula inu, amaulamula ndi dzuwa. Mu Juni ndi Julayi thankiyi imataya malita awiri patsiku, omwe amapereka 0.9 dKH, pafupifupi zomwe makorali amadya. Zonse zimaoneka ngati zatheka. Pofika Okutobala, mafani akupemerera pamwamba pa madzi usana ndi usiku, imataya malita asanu ndi awiri, kutanthauza kuti laimu akuthira 3 dKH patsiku. Pa nthawi yomweyo makorali, atafooka ndi madzi a madigiri 29 kapena 30, amachepetsa kudya.

Zotsatira zake zimasokoneza ambiri. pH imadutsa 8.5, madzi amachita mbuu, chikhungwa choyera chimamata pa impeller (kachipangizo kozungulira kokankha madzi) ya pampu ndi m'mapaipi, mchenga umagwirana zibuma, ndipo mukayeza mumapeza alkalinity yatsika m'malo mokwera. Chikhungwacho ndi calcium carbonate, yemwe amagwa msanga pamalo otentha, ndiye pampu, poti ndi yotentha kale, ndiyo imayamba kuuma. Wosadziwa amawonjezera laimu, n'kukulitsa vutolo. Njirayi itha kupulumutsidwa podontheza laimu ndi pampu yakeyake pa mlingo wokhazikika, madzi obwezeretsa n'kukhala opanda kanthu. Koma mukafika pogula pampu, palibenso chifukwa chokakamira laimu. Ndipo laimu wopaka nyumba wa pa hardware asayandikire thanki, simudziwa zomwe zasakanizikamo.

Soda yemwe tikunena ndi yemweyu wothira m'therere, sodium bicarbonate, wa m'paketi yotseka. Baking powder ayi: ali ndi sitachi ndi asidi, kawirikawiri phosphate. Magalamu 3 a soda amakweza malita 100 ndi 1 dKH, choncho thanki yathu imafuna magalamu 7.5. Sungunulani magalamu 80 mu lita imodzi ya madzi a RO (osefedwa ndi makina ochotsa mchere) ofunda pang'ono. Mukapyola 90 ena amakhala pansi osasungunuka. Pa msakanizo umenewu, mamililita 94 ndiwo 1 dKH. Sikelo ya magalamu ndiyofunika, sipuni imanama.

Kuti mudziwe zomwe thanki yanu imadya, yezani madzulo, musathire kanthu kwa maola 24, muyezenso pa ola lomwelo. Kusiyana kwake ndiwo mlingo wa tsiku. Ugaweni ka 12 kapena ka 24, pampu izidontheza pamalo pomwe madzi akuthamanga. Pokweza kuchoka pa 6 kufika pa 8, onjezani theka la dKH patsiku pamwamba pa mlingowo, osapyola 1. Korali wozolowera 6 mukamufikitsa pa 9 tsiku limodzi, nsonga zake zimayera ngati zapsa, makamaka m'thanki yomwe nitrate ndi phosphate zili pafupi ndi ziro. Ife timaimira pa 8, kuti pakhale malo otsikira ndi okwerera. Thanki yokhazikika pa 7.5 imaposa yomwe ikuvina pakati pa 7 ndi 10.

Soda wosawotcha amatsitsa pH pang'ono. Ngati chipinda chili chotseka chifukwa cha air conditioner, mpweya womwe anthu amatulutsa popuma umachuluka ndipo pH imakakamira pa 7.7 kapena 7.8. Pamenepo yalani soda m'mbale yagalasi, muwotche mu uvuni pa madigiri 180 kwa ola limodzi. Amasanduka sodium carbonate, magalamu 100 amatsala pafupifupi 63, ndipo magalamu 1.9 okha amakweza malita 100 ndi 1 dKH, uku akukweza pH. Koma yambani ndi zosalira ndalama: paipi ya mpweya ya skimmer (chochotsa zonyansa ndi thovu) itulukire panja, kutali ndi mbaula.

Soda sabweretsa kashiamu. Pa 1 dKH iliyonse, malita 250 amafuna magalamu 6.4 a calcium chloride dihydrate, m'botolo lake, paipi yake, theka la ola pambuyo pa soda. Zikakumana zisanamwazikane zimapanga choko. Chinthu china chimaoneka pakatha miyezi: sodium wa mu soda ndi chloride wa mu kashiamu amatsalira m'madzi, ndiye mchere umakwera mwakachetechete. Yezani sabata iliyonse. Ukadutsa 35 ppt, tungani madzi pang'ono mubwezeremo a RO.

Nkhani ya magetsi ndiyo inafunika kuiganiziranso. Pampu yodontheza imadya magetsi ochepa, ndiye ambiri amailumikiza ku batire kapena sola. Magetsi akazima, pampu yaikulu yokweza madzi kuchoka mu sump imaima, pomwe yodontheza ikupitiriza kuthira soda ndi kashiamu m'malita ochepa osayenda. Akayaka, msakanizo wonsewo umakwera m'thanki nthawi imodzi. Lumikizani mapampu awiriwa pa soketi imodzi kuti aziima limodzi, kapena donthezani m'thanki yaikulu kutsogolo kwa wavemaker (pampu yopanga mafunde) yomwe ili pa batire. Mlingo wodumphidwa usabwezedwe wonse kamodzi. Kuzima kukatalika, monga zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, nyale zimayaka maola ochepa, makorali amadya pang'ono, ndipo mlingo uyenera kutsitsidwa n'kuyezanso. Onaninso wotchi ya pampu, zina zimaiwala nthawi.

Madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ngamchere, koma kumva mchere pa lilime sikuwasandutsa a m'nyanja: kuchuluka kwa sulfate, bicarbonate ndi zitsulo kumasiyana mjigo ndi mjigo. A padenga la malata amatenga zinc, yemwe amapha makorali. Palibe chidule apa, madzi adutse mu RO ndi DI (sefa yomaliza yochotsa zotsalira) mpaka choyezera TDS, kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi, chiwerenge 0 kapena 1. Madzi olowa akakhala amchere komanso ofunda, membrane (sefa) ya RO imadutsitsa zambiri ndipo resin ya mu DI imatha msanga, choncho itanitsani yapadera mvula isanayambe kudula misewu.

Pampu yodonthezayo yapirira, koma timapaipi take tofewa timauma ndi kutentha, ndipo mlingo umachepa osaonetsa chizindikiro. Mwezi uliwonse iuzeni ithire mamililita 50 m'kapu yoyezera muone ngati akwanadi. Kukamwa kwa paipi ya soda kumamera chikhungwa n'kutseka. Kukhale pamwamba pa madzi, ndipo muzikupukuta. Impeller ya pampu yaikulu imayera ikanyikidwa mu viniga kwa maola angapo.

Kuyambira pomwe soda analowa, alkalinity yakhala pakati pa 7.8 ndi 8.3 poyeza kawiri pa sabata, Montipora waonetsa mphepete zoyera za kukula, ndipo mlingo wakwezedwa pang'onopang'ono potsatira kukulako. Masiku omwe madzi adutsa madigiri 29, alkalinity imakwera yokha chifukwa makorali asiya kudya. Tsiku lotero chepetsani mlingo ndi theka, ikani mu sump mabotolo otseka a madzi oundana, muyeze tsiku lililonse mpaka kutentha kubwerere pa 27.