Kashopu ka zakudya za ziweto ku msika wa Zomba: amakuletsa kugula keke yambiri

Anzanga a ng'ombe za mkaka, makamaka inu a ku Thondwe ndi Namadzi amene mumandifunsa komwe ndikugula zakudya masiku ano, ndi kashopu kena kali chakumunsi kwa msika waukulu mtauni muno. Amagulitsa dairy mash (chakudya chosakaniza kale cha ng'ombe za mkaka), madeya, keke ya soya ndi ya mpendadzuwa (zotsala akafinya mafuta), mchere basi. Mitengo ndi yomweyi ya kulikonse musayembekezere zotchipa ayi. Chondibwezako ine ndi mnyamata wa pa kauntala, ameneyu za ziweto anaphunzira ndithu.

Ukati ndipatseni keke ya soya thumba lathunthu sathamangira ndalama, amayamba kaye mafunso, mayi ng'ombe yanu ikutulutsa malita angati, inabereka liti, mukuipatsa nsenjere yokha kapena mukusakaniza lukina ndi gliricidia. Ndiye akamva kuti masamba amenewa ikudya kale ambiri amakuuza kuti chepetsani keke onjezerani madeya. Wogulitsa kukuletsa kugula chodula, ku Zomba kuno eti kkkk.

Mfundo yake ndi yakuti mapuloteni ali ndi nayitulojeni, ndipo pa nayitulojeni yonse imene ng'ombe yadya ndi pafupifupi kota yokha imene imalowa mu mkaka, yotsalayo imatuluka mu ndowe ndi mkodzo. Ukaonjeza mapuloteni kuposa mlingo, ya mu ndowe sisintha kwenikweni, yochulukayo imathamangira ku mkodzo. M'chifu muja tizilombo timaphwanya mapuloteni kukhala amoniya, ndiye ngati chakudya chopatsa mphamvu ngati madeya chachepa tizilomboto timalephera kuigwiritsa ntchito yonse, imalowa m'magazi, chiwindi nkuisandutsa yuriya, impso nkuitaya. Ng'ombe imaonongaso mphamvu pa ntchito yotayayo. Ndalama ya keke ija yathera pansi mkhola.

Amawerengera pa kapepala uli pompo, ndipo apa mpamene ndimamupatsa ulemu. Mwachitsanzo ng'ombe yodya makilo 15 a chakudya, tikachotsa madzi ake, chokhala ndi 16% mapuloteni, ndiye kuti yadya makilo 2.4 a mapuloteni, ukagawa ndi 6.25 (nambala yopezera nayitulojeni mu mapuloteni) ukupeza magalamu 384 a nayitulojeni. Ikakupatsa malita 18, mu mkaka mwapita magalamu 90 chabe mwina. Otsala ndi pafupifupi 290 tsiku limodzi. Feteleza wa Urea tikulira naye mtengoyu ali ndi 46% nayitulojeni, ndiye werengani nokha, ndi kuposa theka la kilo ya feteleza ikutuluka kumbuyo kwa ng'ombe imodzi tsiku ndi tsiku.

Nchifukwa chake amakambaso za khola ngakhale sagulitsa simenti. Akuti pansi pazikhala potsetsereka, mkodzo uziyenda mu kangalande kukagwera mu dzenje lovindikira, ndowe muzichotsa msanga chifukwa zikasakanikirana ndi mkodzo mpamene amoniya amauluka, fungo loboola mphuno lija mukalowa mkhola m'mamawa. Mkodzowo kusungunula ndi madzi nkuthira ku nsenjere kapena ku dimba. Ine mpiru wanga wasintha zoona. Ndipo inu amene makola ali m'mbali mwa Likangala chonde, zonsezo mvula ikagwa zikukathera ku Chilwa.

Tsopano zondinyasa. Masamu onsewa ndi ongoyerekeza, chifukwa alibe choyezera chilichonse. Kunja alimi amayezetsa nayitulojeni ya mu yuriya ya mu mkaka, ikakhala chapakati pa 10 ndi 14 mg/dL amati zili bho, ikakwera amadziwa kuti mapuloteni akutayika, ndipo pa nambala yomweyo amatha kuyerekeza nayitulojeni ya mu mkodzo. Ife ku bulking, komwe timakapereka mkaka, amangoyeza ngati wathira madzi ndi ngati mkaka wasasa, zatha. Ndiye nsenjere yako yokhwima ija ndi yanthete mnyamatayo amangoiika pa nambala imodzi. Chinanso keke amaipungulira mu timatumba topanda lebulo, sudziwa kuti ili ndi mapuloteni angati kapena yakhala nthawi yaitali bwanji, nthawi ya dzinja muzinunkhiza kaye ndi kuyang'ana nkhungu musanalipire. Ya mpendadzuwa imasowasowa.

Choipitsitsa, mnyamatayo akachoka pamakhala bambo ena achikulire, aulemu bwinobwino koma iwowo chilichonse ungatchule amangoti chilipo mayi, tengani awiri. Sakufunsa kanthu. Katundu sakuperekezera, kabaza ndi wako.

Pa 5 ndikuwapatsa 4. Pitani m'mawa pakati pa sabata mpamene mumampeza mnyamatayo asanapanikizike, ndipo tengani kabuku kanu ka malita, popanda iko amangokuyankhani zapamwamba.