Khonsolo imatola bwino zinyalala, koma siinena kumene zimakathera

Pa ntchito yotola zinyalala, khonsolo ya dera limene ndimakhala kuno ku England ndilibe nayo chifukwa. Galimoto imafika pa tsiku lake, bini ikasweka amabweretsa ina, ndipo kapepala kamene amaponya m'makomo kamafotokoza momveka bwino poika makatoni, zitini ndi mabotolo apulasitiki. Anthu ogwira ntchitoyi amalawirira m'mamawa ngakhale kuzizire chotani, ndipo ndi oyenera kuwayamikira.

Chimene sichindikhutiritsa n'chakuti khonsoloyi siitiuza kumene zinthu zimene timasankha mosamala chonchi zimakathera. Pa tsamba lake la pa intaneti pali dzina la kampani imene inapatsidwa ntchitoyi ndi la fakitale yosankhirako zinyalala, basi. Komatu fakitale yotere ndi podutsira chabe, chifukwa mapulasitiki akasankhidwa amamangidwa m'mabelo n'kugulitsidwa, nthawi zina kudzera mwa amalonda apakati, ndipo kuchokera pamenepo ife okhoma msonkho sitimvanso kanthu.

Nkhawa imeneyi si yongopeka. Dziko la China litasiya kulandira mitundu yambiri ya zinyalala zapulasitiki mu 2018, za ku Britain zinayamba kulowera kwambiri ku Malaysia ndi ku Turkey. Mu Januwale 2020 boma la Malaysia linalengeza kuti labweza makontena 150 a zinyalala, ndipo 42 mwa iwo anali ochokera ku Britain. Mu 2021 bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace linapeza mapaketi a m'masitolo a kuno atatayidwa ndi kuotchedwa m'dera la Adana ku Turkey, ndipo m'chaka chomwecho khoti linalamula kampani yotola zinyalala ya Biffa kulipira chindapusa cha mapaundi 1.5 miliyoni chifukwa chotumiza ku India ndi ku Indonesia zinyalala za m'nyumba, kuphatikizapo matewera, zitalembedwa kuti ndi mapepala. Utsi wa pulasitiki wathu ukupumidwa ndi ana a anthu ena, ndipo zimenezi zimandivutitsa mumtima.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti kuulula kumene zinyalala zimakathera n'kotheka. Makhonsolo amapereka kale ziwerengero zawo ku boma kudzera mu WasteDataFlow, tsamba la pa intaneti lolembapo kuchuluka kwa zinyalala. Ku Somerset, dera lina la kuno ku England, amafalitsa chaka ndi chaka ndondomeko ya kumene mtundu uliwonse wa zinyalala unapita, ndipo ku Wales tsamba la My Recycling Wales limaonetsa za makhonsolo onse 22 a kumeneko. N'zoona kuti lamulo la Freedom of Information Act la 2000 limapatsa munthu ufulu wofunsa n'kuyankhidwa pasanathe masiku 20 ogwira ntchito, koma mayi amene amatsuka kachitini ka yogati madzulo aliwonse sayenera kuchita kulemba kalata kuti adziwe ngati khama lake likupindula.

Ndikupempha khonsolo yathu kuti lipoti lake lotsatira litchule fakitale yomaliza ya mtundu uliwonse wa zinyalala, dziko limene fakitaleyo ili, komanso matani amene anakanidwa n'kukaotchedwa.