Bambo wa kunazale amene anandiletsa kutaya maluwa anga

Maluwa anayi aja anandisiyira mlamu wanga posamuka ku Zomba kuno kupita ku Lilongwe, ndipo pomwe mwezi wa Okutobala unkafika, ndinali nditatsala pang'ono kuwamaliza onse. Mayina ake ndawadziwa mochedwa. Awiri a masamba otuwa ngati owazidwa ufa ndi Aechmea fasciata, la duwa lofiira ndi Guzmania, ndipo lina lofiirira pakati ndi Neoregelia. Onsewa ndi a banja limodzi lotchedwa bromeliad. Ine ndinkangoti "maluwa a alamu".

Ndine mlimi wa tomato ndi mpiru kuseri kwa nyumba, choncho ndinawasamala mmene ndimadziwira. Ndinawachotsa m'timiphika tawo n'kuwaika m'ndowa zazikulu, dothi lakuda la kudimba, manyowa a nkhuku pamwamba, madzi m'mawa ndi madzulo. Ndinawaika padzuwa pafupi ndi geti kuti odutsa aziona. Masamba atayamba mawanga, ndinawapopera mankhwala a kopa otsala popopera tomato. Anangoipiraipira. Nsonga zinapsa, duwa la Aechmea linauma, ndipo Guzmania inayamba kununkha ngati madzi a m'ngalande.

Nazale imene ndikunenayi ndi yaing'ono, ya m'mbali mwa msewu, pansi pa mitengo, yopanda chikwangwani. Ndinapitako kukagula ena oti ndilowetse m'malo mlamu asanabwere pa Khirisimasi. Mwini wake, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anayang'ana zithunzi pafoni yanga n'kunena kuti, "Mayi, musagule kaye. Ndibwere ndidzawaone." Wamalonda wokana ndalama yomwe ili m'manja ndinali ndisanamuonepo.

Tinagwirizana K15,000 ya ulendo ndi ntchito, kuphatikiza thumba la zobzalira. Anati afika Lachiwiri m'mawa. Anafika Lachinayi dzuwa litapendeka, foni yake osapezeka masiku awiri onsewo, ndipo sanapepese n'komwe. Ndinali nditakwiya kale. Amene muli ndi ntchito yolowa m'mawa, dziwiranitu zimenezi.

Koma atangogwada pa ndowa zija, mkwiyo unayamba kuzizira. Anakoka pang'ono tsamba lapakati la Guzmania, linangosololoka, kunsi kwake kuli phala lokhalokha. "Ili ndiye lapita," anatero, osazungulira. Atatu otsalawo anawazula, n'kundionetsa mizu: yochepa, yolimba ngati tiwaya. Anandifotokozera kuti kwawo kwa maluwawa ndi ku America, Aechmea yanga makamaka ndi ya ku Brazil, ndipo ambiri mwa iwo amamera pa nthambi za mitengo, osati m'nthaka. Mizu ntchito yake yaikulu n'kugwirira. Madzi amamwera pa kachikho kamene masamba amapanga pakati paja. Ine ndinkathira kumizu ndowa yathunthu, kachikho kaja kali gwaa, kouma, chifukwa apongozi anga anati muziswana udzudzu.

Za udzudzuzo sanawatsutse apongozi. Anati kachikhoko kazikhala ndi madzi, koma kamodzi pa mlungu ndizikapendeketsa, kutaya akalewo n'kuthira atsopano, mphutsi zisanakule. Madzi abwino ndi a mvula. A pampopi akapanda kuchitira mwina, ndiziwatunga n'kuwagoneka usiku.

Nditatchula kopa uja anaimirira n'kundiyang'ana ngati ndanena kuti ndinamwetsa mwana palafini. Kopa amapha bromeliad. Anandichenjezanso kuti ndisawaike pansi pa matabwa onyikidwa m'mankhwala oteteza chiswe, obiriwira aja, chifukwa mankhwalawo amakhalanso ndi kopa ndipo mvula ikagwa amadonthera m'kachikho. Tizilombo toyera tooneka ngati kodikodi wa chinangwa tomwe tinali m'khwapa mwa masamba anatipukuta ndi thonje loviika mu sipiriti, basi.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi nkhani ya duwa louma lija. Ine ndinkaliona ngati umboni wa kulephera kwanga. Iye anapatula masamba a m'munsi n'kundionetsa timphukira tiwiri tobisala. "Mayi, nthochi imabereka kangati?" Ndinati kamodzi. "Ikatha?" Ndinati ana ndiwo amatsala. Nazonso izi ndi chimodzimodzi: limachita duwa kamodzi kokha pa moyo wake, kenako mayiyo amafota pang'onopang'ono uku akulera ana. Kenako ananena chinthu chimene ndinachiseka poyamba, chakuti chinanazi cha ku Mulanje n'chibale wake wa maluwawa. Nditayang'anitsitsa masamba a Aechmea ndi timinga ta m'mbali mwake, ndinasiya kuseka. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya bromeliad osadziwa.

Bamboyo anakana kuwadula anawo tsiku limenelo ngakhale ndinamukakamiza. Anati adikire mpaka afike gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa mayi wawo, kapena theka, ndipo podula mpeni ukhale wakuthwa ndi woyera. Duwa louma lokha ndi limene anadula.

Zobzalira zake ndi makungwa a paini oduladula, makala ophwanya ndi mchenga wa kumtsinje wokhakhala. Dothi mulibemo. Ukathira madzi amangodutsa, ndipo ndi zimene zimafunika. Anabwezera maluwa m'timiphika ting'onoting'ono toboola pansi, n'kuika miyala kunsi kuti tisagwe ndi mphepo. Manyowa a nkhuku anawaletseratu. Malo anasankha pansi pa mango, pofika dzuwa la m'mawa lokha, koma Neoregelia anaiika chakumphepete kwa mthunzi chifukwa ikasowa kuwala kufiira kuja kumazilala.

Kupatula kuchedwa kuja, dandaulo langa lachiwiri ndi thumba la zobzalira lija. Theka lotsala ndinaliika pakhonde, ndipo mmawa mwake khonde lonse linali nyerere, zochokera m'makungwa momwemo. Ndinachita kuwayanika padzuwa pa lata masiku awiri. Pa mtengo umenewu akanatha kuyanika yekha. Komanso makungwa a paini kuno ku Zomba si chinthu chosowa, phiri lonseli ndi paini, ndiye ulendo wina ndidzasakaniza ndekha. Chimene ndinalipira kwenikweni ndi maso ake ndi ola limodzi lomwe anakhala akufotokoza, ndipo pa chimenecho sindikudandaula.

Anandisiyira njira ina yomwe sindinaiyesebe: duwa lokhwima likamachedwa kuchita maluwa, ulikutire m'pepala la pulasitiki limodzi ndi apulo wakupsa kwa mlungu umodzi, pamthunzi, kachikho utakhuthula. Mpweya wotuluka m'chipatsocho umalidzutsa. Anga akadali ana, nthawi yake sinakwane.

Papita miyezi inayi tsopano. Masamba opsa aja sanachire, ndipo anandiuziratu kuti sadzachira, koma apakati akutuluka oyera bwino. Neoregelia yafiiranso. Ana a Aechmea alipo atatu, wachitatu anatulukira mvula itayamba, ndipo wamkulu ndamudula sabata yatha n'kumuchirikiza ndi timitengo tiwiri mpaka agwire. Mlamu anabwera pa Khirisimasi, anawerenga miphika n'kufunsa za lofiira lija. Ndinamuuza zoona. Guzmania ina ndinakagula kunazale komwe kuja, ndipo popereka bamboyo anandifunsa kawiri ngati kopa uja ndinamusunga kutali.